Ndinakayikira Amuna Anga Chifukwa cha Msonkhano wa ku Kabwata

Inu owerenga, ine ndinasandutsa amuna anga mlendo m'nyumba mwawo momwe, ndipo analowa m'manda asanamve mawu oti pepani kuchokera pakamwa panga. Dzina langa sinditchula. Zimenezi zinandichitikira ku Lusaka m'masiku a chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wacheuka usanatchule mtengo wa ufa.

Makolo anga anachokera ku Katete, koma ine ndinakulira m'tauni. Nditakwatiwa tinkakhala ku Woodlands m'nyumba ya boma, pakuti amuna anga, a Banda, anali kalaliki mu ofesi ina ya boma ku Longacres. Anali munthu wosayankhulayankhula. Wapakamwa ndinali ine, n'chifukwa chake amayi a kumpingo kwathu anandisankha kuti ndiziwatsogolera.

Nthawi imeneyo atsogoleri a mipingo yosiyanasiyana tinayamba kukumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi china ku Kabwata. Munali abusa, akatekisiti, akulu a mpingo ndi amayi ochepa. Anatisonkhanitsa ndi Abusa Zulu a ku Chelstone, bambo wamfupi koma wa mawu aakulu. Funso lawo linali limodzi: anthu athu akuswera pa mzere wa ufa ndi mafuta ophikira, ife tikuwadikira Lamulungu ndi belu, kodi utumiki wake ndi umenewu? Tinaphunzitsana zambiri. Akatolika anatiuza mmene amapempherera m'timagulu ta m'makomo, ife tinawauza mmene timayendera odwala. Ndinayamba kupita kukomboni kumene kumakhala anthu osauka, osati kukalalikira, koma kukakhala pamphasa n'kumvetsera. Ndinkabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba n'kuwafotokozera amuna anga zonse tikudya. Iwo ankangogwedeza mutu.

Loweruka lina Abusa Zulu ananena kuti ife atsogoleri timauza anjala kuti apirire, pamene osowetsa ufawo timawakhazika pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi. Katekisiti wina anadzuka n'kutseka zenera. Tisanabalalike tinapangana kuti mawu amenewo asatuluke kunja mpaka aliyense atakambirana ndi akuluakulu a mpingo wake. Ine pangano limenelo sindinaliwerengere kuti likukhudza m'nyumba mwanga, ndiye madzulo ake ndinawauza amuna anga monga mwa masiku onse.

Mwezi usanathe, amuna awiri ovala masuti anapita ku Chelstone ndi galimoto n'kuwatenga abusa aja. Anawasunga, kenako anawabweza osawamenya, koma atawabwerezera mawu aja ndendende, mpando wakutsogolo womwe uja. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Pakati pathu panali shushushu, munthu wotola nkhani n'kukapereka kwa a boma.

Nditalowa m'kachipinda kaja Loweruka lotsatira, nkhani inaduka. Anandipatsa moni bwinobwino, koma pa benchi yanga sipanakhale munthu. Potuluka, Mayi Tembo a ku Kabwata komweko, amene ndinkayenda nawo kukomboni, anandikokera pansi pa mtengo wa mango.

"Amake Tiyese, osakalipa," anatero motsitsa mawu. "Bantu bakamba ati nkhani inapitila ku Longacres. Nanga ba Banda sindiye kwamene basebenza?"

Ndinakana kwamtuwagalu n'kukakwera basi yobwerera kunyumba. Ine ndinkadziwa kuti sindinapereke munthu. Ndinkadziwanso kuti munthu mmodzi yekha ndinamuuza.

Apa ndiye pamene ndinalakwa, owerenga anzanga. Sindinawafunse. Ndinayamba kuwazonda. Akachedwa kubwera, sindinkaganizanso za mabasi amene ankasowa masiku amenewo, ndinkati apita kukapereka lipoti. Atagula jekete kwa telala wachisilamu wa mumsika, ndinati ndi malipiro a pakamwa pawo. Atawakweza pang'ono pantchito, anthu anabwera kudzatiyamikira, ine ndinadzitsekera kukhitchini. Kufatsa kwawo kumene ndinawakondera ndili mtsikana kunayamba kundioneka ngati ukathyali. Ndinasiya kuwauza chilichonse, ngakhale za sukulu ya ana. Pogona ndinkayang'ana kukhoma.

Kamodzi kokha anandifunsa, akuvula nsapato pakhomo: "Amake Tiyese, ndakulakwirani chiyani?"

Ndinati palibe. Sanafunsenso.

Gulu lathu nalo linadwala matenda omwewo. Ine nditasiya kupita, kukayikirana sikunathe. Kunasamukira kwa mkulu wa mpingo wina wa ku Kabulonga chifukwa anali ndi galimoto, kenako kwa katekisiti wotseka zenera uja, ati anatseka kuti adzibise. Mayi Tembo ankandiuza kuti tsopano amangowerenga ndime, kuyimba nyimbo n'kubalalika, palibe wofunsa funso. Pomaliza kachipinda kaja anayamba kusungiramo mabenchi othyoka. Kuyenda kukomboni kunathera pomwepo, ndipo amayi amene anayamba kutitsegulira mitima yawo sitinawatsanzike n'komwe.

Zaka zinapita tikukhala choncho, ine kuphika, iwo kudya, ana kukula pakati pa anthu awiri osaseka. Amuna anga anadwala chifuwa n'kumwalira. Ndinawasamala, zimenezo ndisaname, koma ndinawasamala ngati nesi. Pamaliro mlamu wanga, mlongo wawo, anandiuza kuti malemu anamudandaulirapo kuti mkazi wawo amawayesa shushushu. Atawalangiza kuti andifunse, anayankha kuti munthu amene wakhala nawe zaka zonsezi akafika pokuganizira choncho, ungamuuze chiyani choti akhulupirire. Ndinalira, komabe pansi pa mtima kamawu kankati, ngati anali osalakwa, bwanji sanadziteteze?

Patapita nthawi ndinamva kuti Abusa Zulu apuma pantchito ndipo akudwalira kwa mwana wawo wamkazi ku Emmasdale. Ndinapita kukawaona. Anali ataonda, mawu aakulu aja atatha. Mwana wawo atatuluka, anandipempha kuti ndisendeze mpando.

"Mayi, mawu aja sanatuluke ndi munthu wina," anatero. "Ndinawalalikira ndekha pamaliro ku Chelstone, sabata lomwelo. Mtima unatentha. Tcheyamani wa chipani anali pompo, pa mpando wakutsogolo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati anali ataswa pangano limene anayambitsa okha, ndipo anaopa kuti gulu liwataya. Ankayembekeza kuti nkhaniyo izilala yokha. Ankadziwa kuti anthu akuloza kwa ine, koma za m'nyumba mwanga sankazidziwa. Nditawauza, anaphimba nkhope ndi manja. Anapempha kuti tipemphere, koma ine ndinangodzuka. Ndinatuluka n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni, basi osaiona.

Ndinawakhululukira abusa aja patapita nthawi, chifukwa chimene iwo anachita ndi chimene ine ndinachita n'chimodzi: tonse tinakhala chete pamene tinayenera kutsegula pakamwa. Tinasonkhana kuti tiphunzire kumvetsera anthu a kukomboni, koma mantha atalowa tinalephera kumvetserana tokhatokha.

Inu abusa, akatekisiti ndi amayi otsogolera anzanu, kuphunzira pamodzi n'kwabwino, musakusiye. Koma nkhani ikatuluka, musanong'onezane pansi pa mitengo. Khalani pansi nonse, aliyense anene kumene anaitchula, kuyambira wamkulu. Ndipo inu amene mwayamba kuwerengera mnzanu wa m'nyumba nthawi yobwerera ndi zovala zatsopano, mufunseni lero akadali ndi makutu. Akhoza kukwiya, akhoza kukunamizani, koma mwina adzakuyankhani zoona. Ine funso langa ndinakalifunsa kumanda, ndipo kumeneko kulibe woyankha.