Tsiku Limene Bambo Anathamangira kwa Mlongo Wawo

Tinali titayanika mpunga pamikeka kutsogolo kwa nyumba. Ntchito yanga inali yoingitsa nkhuku. Ndinakhala pamakwerero ndi nsungwi yaitali, kunsonga kwake titamangako kansanza. Amayi ankapeta pafupi ndi nkhokwe. Bambo anali atangofika kudzadya chamasana, ndipo ankatsuka mapazi pamtsuko wa pansi pa makwerero. Kenako ng'oma ya kumzikiti inalira. Sinali nthawi ya swala.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Ndikulembera inu adzukulu anga a ku Liwonde, amene mumanditchula agogo a ku Indonesia n'kumaseka lilime langa likakhota. Anzanu obadwira kuno ku Salford ndikawayankhula Chichewa amandibwezera Chingerezi, ndiye nkhaniyi ndawamana dala. Akaifuna adzakupempheni muwawerengere. Chichewachi ndinachitola kwa malemu agogo anu aamuna, amene tinakumana ku Manchester tonse tili pasukulu, komanso kwa amayi a mumsika wa Zomba, amene sankandinyengerera ndikalakwitsa. Koma zimene ndikulembazi ndi zakale kuposa zonsezo. Zinachitika pachilumba cha Sumatra, m'kamudzi ka anthu a mtundu wanga, Aminangikabau, pamene asilikali a boma ankamenyana ndi oukira a m'chigawo chathu.

Kwathu nyumba ndi ya akazi. Yathu inali yaitali, yamatabwa, yoimikidwa pamizati, denga lake lopindika ngati nyanga za njati. Inali ya agogo, ikanakhala ya amayi, kenako yanga. Minda ya mpunga nayonso imayenda chomwecho, ndipo sigulitsidwa. Mwamuna akakwatira amakhala mlendo m'nyumba ya mkazi wake. Amamulemekeza, amamupatsa mbale yabwino, koma mawu alibe. Mawu ake ali kunyumba ya alongo ake. Ana oti awayang'anire pamavuto ndi a alongo akewo, pomwe ana ake omubereka ali ndi amalume awo.

Mtsikana wa ku Dedza amene amabwera m'mawa uliwonse kudzandisambitsa, Tiyamike, ndinamufotokozera zimenezi tsiku lina. Anaseka mpaka kugwetsa thaulo. "Agogo, inu mukuti kutali? Kwathu n'chimodzimodzi. Ana anga ali kwa achimwene, ine kuno ndi mashifiti basi." Choncho inunso simuvutika kumva.

Vuto linali lakuti amuna akwathu ndi oyenda. Mnyamata akakula amanyamula kachikwama n'kupita kukasaka moyo kutali. Wotsalira pamudzi amasekedwa. Alongo anga awiri anali atawoloka kale nyanja. Amalume athu, mlongo mmodzi yekha wa amayi, ankagulitsa nsalu ku Pekanbaru, mzinda wa kuseri kwa mapiri. Ndinkawatchula kuti Mamak. Ankabwera kamodzi pachaka, pa Idi, ndi maswiti komanso malangizo ambirimbiri.

Ng'oma ija ikulirabe, bambo anayang'ana amayi. Amayi anaika lichero pansi.

"Pitani, Uda," anatero. Uda ndi mmene mkazi amaitanira mwamuna wake kapena mlongo wake wamkulu.

Bambo sanapukute mapazi. Anathamanga m'malire a minda kulowera kutsidya kwa mtsinje, kumene kunali nyumba ya mlongo wawo ndi ana ake asanu. Ndinawaona kamsana kawo kakucheperachepera pakati pa mpunga. Mbale yawo inatsala yovundikira.

Mwambo ndinkaudziwa. Koma mtima unandipweteka.

Ndege inadutsa motsika kwambiri. Nkhuku zinabalalika zokha. Kumsika kunamveka kuphulika, kenako mfuti zing'onozing'ono zinayamba kulira motsatizana. Amayi anayamba kuwola mpunga n'kumathira m'madengu. Anandiuza kuti ndigwire mkeka mbali inayo. Tinakutumula bwinobwino, tinapinda, tinakweza m'nyumba.

Anthu anayamba kudutsa panjira. Banja lililonse linali ndi mwamuna kutsogolo, ndipo sanali bambo wa anawo. Ena ananyamula mapoto, ena abakha atawamanga miyendo. Mayi wina anasenza wotchi yapakhoma.

Amalume a nyumba yoyandikana nafe anaima pabwalo ndi mbumba yawo yonse. Anafunsa ngati Mamak atumiza mawu alionse. Amayi anati ayi. Bamboyo anaima kanthawi akukanda chipewa. Kutenga mbumba ya mnzako popanda mawu ake kunali kumunyoza, ngati kunena kuti nyumba iyi ilibe mwamuna. Amayi nawo sakanapempha. Anathokozana mwaulemu, iwo anapita.

M'chipinda chakumapeto munagona agogo. Mbali imodzi ya thupi lawo inali itafa kalekale. Ankatha kumeza phala ndi kutukwana, basi. Kuwanyamula kukanafuna amuna awiri.

Tinadikira. Amayi anakhala pawindo loyang'ana kumsewu wochokera ku Pekanbaru, ngakhale tonse tinkadziwa kuti uthenga sungafike kumeneko n'kubwera ndi munthu tsiku lomwelo. Utsi unakwera kuchokera kumsika. Unkanunkha malata otentha ndi tsabola. Mphaka wathu analowa pansi pa nkhokwe osatulukanso.

Mwana wamkazi m'nyumba imeneyo ndinali ndekha. Amayi analibe mchemwali kapena mng'ono. Ine ndikanafa, nyumba ndi minda zikanapita kwa achibale akutali, ndipo dzina la nyumbayo likanathera pomwepo. Izi sanandiuze tsiku limenelo. Ndinazidziwa kuyambira ndili wamng'ono, chifukwa sankandilola ngakhale kukwera mtengo wa magwafa.

Dzuwa litapendeka tinamva kulira kwa mateyala a ngolo. Inali ngolo yokokedwa ndi njati yoweta, ndipo bambo ankayenda pambali atagwira chingwe. Njira yothawira kumapiri sinkadutsa kwathu. Anachita kukhota.

M'ngolomo munadzaza. Munali azakhali, amene ndinkawatchula kuti Etek, ana awo asanu, matumba a mpunga, matiresi, ndi makina osokera a bambo. Bambo anali telala. Ankasokera pansi pa nyumba ya mlongo wawoyo. Padziko lonse lapansi chinthu chokhacho chimene chinali chawochawo chinali makina amenewo. Anawagula ndi thukuta lawo ali mnyamata mumzinda wa Medan.

"Uda, malo mulibe," anatero Etek. "Mwanayu ali ndi amalume ake."

Sanayankhule mwankhanza. Ankanena zoona.

Bambo anakwera m'ngolo, anamasula zingwe, anakumbatira makina aja n'kuwatsitsa okha. Miyendo yake inali yachitsulo cholemera. Anawaimika pabwalo pathu, pamalo pomwe panali mpunga, n'kuwafunditsa thumba. Kenako anandiyang'ana.

"Kwera, Upiak."

Upiak ndi dzina la mwana wamkazi aliyense kwathu. Bambo sankandiitana kawirikawiri.

Amayi anakana kukwera, ndipo palibe anawakakamiza. Agogo analipo. Komanso nyumba sisiyidwa popanda mkazi. Anandikulungira mpunga wophika m'tsamba la nthochi. Kenako anandigwira mapewa n'kuyamba kutchula malire a minda yathu. Munda wakumtunda umathera pakokonati wopendekera. Wakumunsi umathera pamwala wong'ambika. Madzi a m'ngalande ndi athu kuyambira m'mawa mpaka swala ya masana. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinalakwitsa pamwala, ananditsina, ndinabwerezanso. Pamenepo ndinazindikira kuti sakuyembekeza kudzandionanso, ndipo ndinachita mantha kuposa mmene ndinachitira ndi ndege.

Njati siifulumira ngakhale kumbuyo kukupsa. Inkayenda ikutafuna. Ndinakhala pamene panali makina, pakati pa mabowo anayi amene miyendo yake inasiya pamatiresi. Ana a Etek ankandiyang'ana. Titakhota pamzikiti, nsonga za denga lathu zinabisika m'mitengo.

Tinayenda masiku angapo m'minda ya labala ndi m'nkhalango. Kukatentha tinkaima kuti tithire njati madzi pamsana. Misundu inkatikwera m'miyendo, bambo ankaichotsa ndi fodya wonyowa. Pogawa chakudya ankayamba ndi ana a mlongo wawo, wamkulu mpaka wamng'ono, kenako ine. Iwo ankadya zotsala mumphika.

Diresi langa linang'ambika pamsomali wa ngolo. Bambo anatulutsa singano m'chipewa mwawo, anasolola ulusi m'mphepete mwa thumba, anasoka ndili chivalire. Anandiuza kuti ndisagwedezeke. Mpweya wawo unkandigunda pakhosi. Sindinakhalepo pafupi nawo chotero chibadwire.

Tinadutsa mudzi wina umene unali utapsa. Mizati yokha ndiyo inaima. Pakati pa phulusa mayi wina wokalamba anakhala pamtondo wogadabuzika, pamalo amene panali khomo la nyumba yake. Etek anamuitana kuti atsagane nafe. Anapukusa mutu.

Pamlatho wina tinapeza asilikali a boma. Amuna onse anawavula malaya n'kumawayang'ana m'mapewa ngati muli zipsera za lamba wa mfuti. Mnyamata wina amene tinayenda naye kuchokera kumudzi wopsa uja anamuimika pambali. Anali ndi chipsera cha mtengo wosenzera madengu. Anayesa kufotokoza. Ife anatiuza kuti tizipita, ndipo bambo anandigwira mutu kuti ndisacheuke.

Kutsidya kwa mlathowo njati inagona pansi, inakana kudzuka. Bambo anaisiya kwa mlimi wina pamodzi ndi ngolo. Etek analira chifukwa cha matiresi. Tinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, ndipo lole yonyamula labala inatikweza. Fungo la labala wosaphika ndi loipa ngati nsomba yowola. Mpaka lero ndikakwera basi yonunkha mateyala atsopano, ndimakumbukira lole ija.

Ku Pekanbaru kunalibe mfuti. Anthu ankagula nthochi zokazinga m'mbali mwa msewu. Ana ankachokera kusukulu. Ndinakwiya nawo anthu amenewo, sindikudziwa chifukwa chake.

Bambo anakasiya kaye Etek ndi ana ake kwa wachibale wawo. Kenako ananditengera kumsika wa nsalu. Tinawapeza Mamak akuyezera mayi wina nsalu yamaluwa. Bambo sanalowe m'sitolo. Anaima pakhomo, anakonza chipewa, ine ndili kutsogolo kwawo.

"Ndabwera ndi mwana wa mlongo wanu," anatero. "Ndinamutenga popanda mawu anu. Mundikhululukire."

Mamak anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi otupa. Anayang'ananso kumbuyo kwa bambo, kumsewu.

"Mlongo wanga ali kuti? Nanga amayi?"

"Ali kunyumba."

Mamak anamaliza kudula nsalu ya mayi uja. Anaipinda, anaikulunga m'pepala, anamuperekeza mpaka pakhomo. Kenako anatseka sitolo dzuwa likadali pamutu. Anandigulira msuzi wotentha wa nyama. Ndinaulawa pang'ono n'kuusiya. Iwo sanadye. Anafunsa bambo za njira, za mlatho, za mudzi wopsa uja. Bambo anawauza kuti adikire nkhondo iziziriko. Mamak anafunsa kuti ndani anaima pabwalo pathu tsiku lija. Ine nditatchula amalume a nyumba yoyandikana ija, Mamak anagwetsa nkhope.

M'mawa mwake anatsitsa mpukutu wa nsalu yoyera pashelefu yapamwamba. Anadula yokwanira sanda ziwiri zokulungira maliro. Kuika maliro a m'nyumba ya amayi ako ndi ntchito ya mwamuna wa nyumbayo, ndipo sankadziwa chimene akapeze. Anaika nsaluyo m'chikwama pamodzi ndi shuga ndi mankhwala a agogo.

Makiyi a sitolo anapatsa bambo. Kenako anandigwira dzanja n'kuliika m'dzanja la bambo.

"Mwanayu ndamusiya m'manja mwanu," anatero. "Mumusunge ngati wanu."

Bambo anavomera mwaulemu. Palibe anaseka.

Mamak anakwera lole yomwe ija ya labala ikubwerera. Anakhala pamwamba pa matumba opanda kanthu, chikwama chili pamiyendo. Anali munthu wonenepa, wosazolowera kuyenda wapansi. Anandikuwira kuti ndisambe, ndikuoneka ngati mwana wopanda abale.

Ndinakhala ndi bambo kuseri kwa sitoloyo mpaka nkhondo inatha. Ankagulitsa nsalu za mlamu wawo, ndipo madzulo ankasoka pamanja. Anandilembetsa sukulu. Sukulu imeneyo ndi imene inadzandifikitsa kuno.

Titabwerera kumudzi tinapeza nyumba ili chiimire, denga lokha litabooka malo awiri. Nkhokwe zinali zopanda kanthu. Amayi anali moyo, ataonda, mano akutsogolo atachoka. Agogo anamwalira m'chipinda chawo nkhondo ili mkati. Amayi anawasambitsa okha n'kuwakulunga m'nsalu yotchinga pakhomo.

Mamak anaoneka komaliza pamlatho uja. Woyendetsa lole anati anatsikira pamenepo n'kuyamba wapansi kulowera kwathu. Kumudzi sanafike.

Amayi anakhala zaka zambiri pambuyo pake. Munthu aliyense wochokera ku Pekanbaru ankamupatsa madzi akumwa, n'kumufunsa ngati anakumana ndi mlongo wawo panjira.