Injini ya Boti m'Kagalimoto ka Amalume

Ndikuvomera ndi mtima wosweka: ndine ndinachititsa kuti Amina akafike ku ukwati wake pa lole ya usipa.

Bambo ake, amalume anga a Saidi, ali ndi kagalimoto kofiira ka mipando iwiri kamene Mpwitikizi wina anakasiya ku Metangula. Injini yake inafa kalekale, koma anafunitsitsa kukaperekeza mwana wawo ku Maniamba m'menemo.

"Iwe si unaphunzira mekanika ku Lichinga?" anandifunsa amalume.

Ndinaphunziradi, semesitere imodzi yathunthu. Ndinazula injini m'boti lawo lakale n'kuiika m'kagalimotoko. Italira, ndinasamba m'manja pang'onopang'ono ngati dotolo.

Za kuziziritsa injini anaphunzitsa nditathawa kale sukulu. Ya m'boti imamwa madzi a m'nyanja, ndipo pachitunda cha ku Maniamba palibe nyanja. Ndinazindikira zimenezi ndili pambuyo pawo pa njinga yamoto, utsi uli tolotolo, Amina akutsokomolera mumpango wake woyera.

Amalume anapukusa mutu. "Njiru ya anthu iyi, mphwanga. Ntchito yako inali yabwino."

"Njiru ndithu, amalume," ndinayankha mwaulemu.

Mpaka lero salankhulana ndi a Jafali, mnansi wawo, amene m'mawa wa tsikulo anangoti kagalimotoko n'kokongola.