Funso limene ndinameza pa kauntala

Ntchitoyi anandipezera ndi azakhali anga. Ankaimba kwaya limodzi ndi a Nambewe, nesi wopuma pantchito amene ankapanga tiyi wa zitsamba pa Boma. Ndinachoka ku Lobi ndikuganiza kuti ndizikangokhala pa kauntala ngati bwana. Ha! Ndinkayanika masamba pathandala, kuwatembenuza kuti chifunga cha Juni chisawachititse chuku, kusinja mumtondo, kusefa, kuyeza pasikelo, kenako kumata timapaketi.

Panali tiyi wina wa pepala lofiira. Tsiku loyamba lomwelo a Nambewe anandichenjeza: "M'masamba awa muli zinthu zimene zimatsekereza enzaimu, kanthu ka m'thupi kamene kamapanga mahomoni achikazi. Woyembekezera kapena wofuna mwana usamugulitse. Uzifunsa aliyense, wamva?" Ndinavomera mwachangu, poti kuvomera sikuwawa.

Lolemba lina ndili ndekha kunabwera a Madamu amene anandiphunzitsa Sitandade 6, omwe tsopano ankaphunzitsa pasukulu ya pa Boma pomwepo. Anali atakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana, ndipo apongozi awo anali atayamba kale kuyankhula zambiri. Analoza tiyi wofiira uja. Funso linafika pakhosi, ine n'kulimeza. Kwathu mimba sitchulidwa isanaoneke, nanga kwa aphunzitsi ako? Ndinapereka paketiyo ndi manja awiri.

Lachinayi m'mawa ndikusinja, a Nambewe analowa akumwetulira. "Mulungu ndi wamkulu, mwana wanga. A Madamu ako aja anditsina khutu ku kwaya, ali ndi pakati. Usauze munthu."

Munsi unandipulumuka m'manja. Ndinaulula zonse.

"Unawafunsa?"

"Ayi, mayi."

"Siya zimenezo. Thamanga!"

Ndinathamanga mpaka kusukulu, patapata ili m'manja. Ndinawapeza akulemba pabolodi. Ndinagwada pakhomo, ana a m'kalasimo akundiyang'ana, ndipo atatuluka ndinanena ndi pakamwa panga mawu amene ndinawaopa Lolemba lija.

"Ndamwa masiku atatu," anatero.

Tinapita kuchipatala, a Nambewe anatipeza komweko atanyamula paketi ina yoti adokotala aone. Ndinakhala pabenchi panja ndikupemphera zosamveka mutu. Kunena zoona, ndinkaopa kwambiri. Adokotala anati asiyiretu tiyiyo ndipo azibwera kusikelo pafupipafupi, koma sanalonjeze kanthu.

Potuluka ndinayesa kupepesa. "Ndinkakupatsani ulemu, Madamu."

Anandiyang'ana monga ankachitira ndikalakwa samu. "Ine unandipatsa ulemu. Nanga mwana wanga?"

Miyezi isanu ndi iwiri imeneyo chakudya sichinkandikomera. Ndikangoona munthu wa kusukulu kuja akudutsa, ndinkaganiza kuti wabwera ndi uthenga woipa. Mwanayo anabadwa mu Januwale, wamkazi, wamphumphu. Tsiku limenelo ndinalira kuseri kwa thandala mpaka a Nambewe anandikalipira kuti ndinyowetsa masamba.

Mpaka lero aliyense akaloza pepala lofiira ndimamufunsa, kaya ndi mkazi wa abwana, kaya ndi azakhali anga. Chaka chatha ndinafunsa asisitere a ku parishi. Anatsala pang'ono kundimenya ndi ambulera, koma anayankha kaye ndisanawapatse.