Tsiku Limene Ndinatchula Mlongo Wanga

Anabwera Lachinayi m'mawa, mu Febuluwale 1993, kukugwa mvula yowaza. Ndinali m'kashopu kanga kumsika wa pa Dedza Boma, kumene ndinkakonza mawailesi. Anali amuna awiri ovala zawamba. Wamkuluyo anagogoda pachitseko ngakhale chinali chotsegula.

"Odi amisiri. Tatsekani kaye, tikacheze pang'ono ku ofesi."

Ndinafunsa ngati nditenge zida, poganiza kuti kuli wailesi yowonongeka.

"Zidazo titenga ndife," anatero. "Inu tengani jekete."

Nkhani yake inali tepi. Mlongo wanga wamng'ono, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankagulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu waukulu. Kumeneko ndi kumene anamva, m'mathiraki ochokera ku Joni, nyimbo zimene munthu saimba koma amalankhula mothamanga motsatira ng'oma. Madalaivala ankati ndi rapu. Chingerezi chake sankachimva, koma anagwira kayendedwe ka mawu n'kuyamba kupeka zake m'Chichewa. Amayi ankati mwanayu angolalata ngati walumidwa ndi mavu.

Mphunzitsi wina wa ku Bembeke, amene ankaimba kiyibodi kutchalitchi, anavomera kumuimbira ng'oma za m'kiyibodimo. Tinajambula m'shopu mwanga Loweruka katatu, titatchinga zenera ndi bulangeti. Zinatuluka nyimbo zisanu ndi ziwiri, tepi yake yoyamba. Pachikuto sitinalembe dzina la munthu.

Nyimbo zambiri zinali za chikondi ndi za kuzizira kwa kwathu. Imodzi yokha inali ya khadi. Masiku amenewo munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo mayi woyembekezera ankamugulitsa awiri. Mlongo wanga anati:

"Sanabadwe, sanalire, koma khadi ali nalo.
Dzina alibe, mano alibe, chipani ali nacho."

Mphunzitsi uja anati nyimboyi tiisiye. Ine ndi amene ndinakakamira kuti ikhale yoyamba. Ndinati zinthu zikusintha, anthu ayamba kale kulankhula za zipani zambiri, palibe amene angalimbane ndi mtsikana wogulitsa kachewere.

Ku polisi anandilowetsa m'chipinda momwe munali tebulo ndi wailesi. Wailesiyo ndinaizindikira, ndinali nditaikonza ndekha chaka chapitacho. Anaikamo tepi.

"Mawu awa ndi a ndani?"

Ndinati sindikudziwa, anthu ambiri amabweretsa matepi kuti ndiwachulukitsire. Wamkulu uja anapititsa tepiyo kumapeto kwa nyimbo yachitatu, pamene pamamveka munthu akutsokomola chapatali.

"Tatsokomolani, amisiri."

Ndinatsokomola. Onse awiri anaseka.

Anandivula nsapato ndi lamba, n'kundiika m'selo momwe tinalimo anthu khumi ndi anayi ndi ndowa imodzi. M'mawa uliwonse ankathira madzi pansi. Amene amaidziwa simenti ya ku Dedza nthawi ya mvula sadzafuna kuti ndifotokoze. Mlonda wina wachikulire anandinong'oneza popereka phala: "Akakutenga uzikuwa msanga. Ukalimba mtima amapitiriza."

Kuyambira Loweruka ankanditengera kuchipinda chakuseri chopanda zenera. Funso linali limodzi lomwelo. Zonse za m'chipindacho sindizilemba. Ankagwiritsa ntchito pulayala, ndipo pulayalayo inali yanga. Zala ziwiri za dzanja langa lamanja sizipinda mpaka lero. Nditapempha kuti auze abale anga kumene ndili, wamng'onoyo anati, "Abale ako kuno ndife."

Ndinapirira masiku asanu ndi atatu.

Lachisanu sanandikhudze. Wamkulu uja anandikhazika pampando, naika patsogolo panga kapu ya tiyi wamkaka ndi buledi.

"Bambo, nanenso ndili ndi ana aakazi," anatero. "Atsikana sitimenya ife. Tingomulangiza, abwerere kwa amake. Koma mukapitiriza chonchi, tikatenga mayi anu adzatithandize kumvetsera. Mwina iwo mawuwa awadziwa."

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinalankhula pofuna kuteteza amayi. Si zoona zonse. Pamene ndinkatsegula pakamwa, maso anga anali padzanja langa ndi pa tiyi uja. Ndinatchula dzina la mlongo wanga. Kenaka ndinatchulanso malo amene ankakhala pogulitsa mbatata. Zimenezo anali asanandifunse.

Tiyiyo ndinamwa yense.

Anandimasula Loweruka cha m'ma naini. "Pitani mukakonze mawailesi," anatero wapakauntala pondibwezera nsapato. Ndinadzera kumsewu waukulu. Ndowa za kachewere za mlongo wanga zinali pomwepo, zounjikidwa bwino, koma mwini wake panalibe. Azimayi ogulitsa naye atandiona anayamba kuyang'ana kumbali.

Kunyumba amayi anandiyang'ana dzanja, kenaka anayang'ana kumbuyo kwanga.

"Wabwera wekha?"

"Eya, amayi."

Anakanditenthetsera madzi osamba.

Mlongo wanga anakhala m'ndende miyezi inayi ndi masabata angapo. Apolisi sanatiuze kumene anamupititsa. Ndinapita ku polisi kasanu kukafunsa, ndipo ulendo womaliza wamkulu uja anandiperekeza mpaka pakhomo. "Bwanji mukudzivutitsa, amisiri? Inu mbali yanu munachita kale."

Mu Juni anthu anavota kuti zipani zikhale zambiri. Patapita masiku, andende ngati iye anayamba kutulutsidwa. Anafika masana pa lole ya makala, atametedwa mpala, atavala diresi lomwe anagwidwa nalo, lomwe tsopano linkamukhuthukira. Amayi atamuitana ali kumanzere kwake, sanatembenuke. Khutu limenelo silinamvenso.

Ndinadikira sabata yathunthu. Tsiku lina ndinamutsatira kudimba kumene ankathirira kabichi, ndinaima kumanja kwake.

"Ndine ndinakutchula."

"Ndikudziwa, achimwene. Anandiuza tsiku loyamba lomwe."

Ndinayamba kufotokoza za amayi, za chipinda chija. Anandidula.

"Musadzizunze. Akanayamba ndi ine, nanenso ndikanakutchulani. Munthu ndi mnofu."

Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Ndinayamba kudya bwino, ndinatsegulanso shopu.

Kumapeto kwa Ogasiti kunabwera mayi wina wa ku Kasina amene anali ndi mlongo wanga m'chipinda chimodzi kundende, kudzamuona. Mlongo wanga atapita kukatunga madzi, mayiyo anatembenukira kwa ine.

"Achemwali anuwa ndi ouma mutu, bambo. Sabata iliyonse ankawatenga kukawafunsa amene ankaimba kiyibodi, poti ankafuna munthu wa kutchalitchi. Iwo n'kumati inkalira yokha. Khutulo linathera pamenepo. Tinkawapempha kuti angonena, koma ayi ndithu."

Ine za kiyibodi sanandifunsepo. Nthawi imene ankandifunsa ija ankaganiza kuti ng'omazo ndi makina anga. Akanandifunsa Lachisanu lija, ndikudziwa chimene ndikanayankha. Mphunzitsiyo anapitiriza kupalasa njinga yake kupita kusukulu, ndipo palibe amene anagogodapo pakhomo pake.

Boma litasintha, tepi ija inatulukanso, ulendo uno ndi dzina lake ndi chithunzi chake pachikuto. Inkalira m'maminibasi a ku Lilongwe, anthu n'kumaseka za khadi ngati nkhani yakalekale. Mlongo wanga anandipempha ine kuti ndimuchulukitsire. Ndinatero, ndi zala zitatu.

Ufulu tinaulandira tonse mofanana, amene analimba ndi amene anatchula anzawo. Anthu akaona dzanja langa amandipatsa ulemu, amati bambo awa anavutikira dziko. Kwa nthawi yaitali ndinkangokhala chete, ulemuwo n'kumaulandira. N'chifukwa chake ndalemba izi.

Mlongo wanga tsopano ali ndi ana atatu. Timaonana Lamulungu lililonse. Mpaka lero sanabwezepo mawu ake a kudimba aja, ndipo ine sindinamuuzepo kuti ndikudziwa kuti ananama.