Zakariya ndi Mitengo ya Kumanda

Amalume anga a Zakariya anali mdzukulu, wokumba manda m'mudzi mwathu kufupi ndi Msumba. Koma pakamwa, mayo ine! Ngakhale ali m'dzenje, khasu lili m'manja, ankacheza ndi akufa ngati anzawo a pabawo.

Masiku amenewo, dera lathu likulamulidwa ndi Kampani ya azungu, sitima zapanyanja zinkayendera nkhuni, ndipo sizinkakhuta. Tsiku lina kunabwera kapitawo wachilendo wolankhula Chinyanja chopindika, ali ndi amuna khumi a nkhwangwa ogwidwa m'midzi yoyandikana nafe. Mzungu wina anali atalamula kuti adule msitu wa pafupi ndi doko. Msitu wakewo manda athu! Kwathu kuno kumanda sutolako ngakhale kankhuni kouma. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Tonse tinangoti kakasi. Amalume okha anathamangira komweko n'kukumbatira mtengo woyamba.

"Dulani, abale, koma muyambe mwapereka moni. Apa pagona a Lea, aja ankaphika mowa wosaledzeretsa. Ndinawaika ndine."

Amuna aja anaseka, n'kusunthira pa mtengo wina.

"Apo ndi a Alawi, amene anagwa m'bwato lawo lomwe kawiri tsiku limodzi."

"Iii, agogo anga amenewo!" anatero mmodzi, nkhwangwa n'kuponya pansi.

Basitu, amalume anayenda mtengo ndi mtengo, kutchula mayina ndi timbiri tawo, mpaka aliyense anapezamo wake. Kapitawo anakalipa, chikoti m'mwamba, koma amalume osaleka.

"Mkuyu uwu ndi wa a Saquina. Mwana wawo Ussene anatengedwa ndi ogula anthu akusewera pamchenga. Mayi aja ngalawa iliyonse ikakocheza ankathamangira kudoko, mpaka anakalamba akuthamanga."

Kapitawo anatsitsa chikoti.

"Nyumba yawo inali pafupi ndi mwala wong'ambika pakati?"

"Eya. Mwaudziwa bwanji mwalawo, bambo?"

Kapitawo anavula nsapato, n'kuuza amuna aja kuti nkhuni akadule kuphiri, kwa mzungu akayankha yekha. Anyamata anasenza mitolo masiku atatu, akutukwana pakamwa pa amalume kwinaku akuseka.

Kapitawo sanapite nawo kuphiri. Anatsala pansi pa mkuyu, akuzula udzu ndi manja, kenako anafunsa osadzutsa mutu:

"Malume, amayi anga ankathamangira njira iti? Mundionetse."