Poka ya m'chigafa cha atsibweni

Ndinakhala pachikamwini kufupi ndi Malomo mpaka mapazi anga anayamba kudzuka okha n'kuloza ku Bowe ine ndikadali m'tulo. Si nthabwala, mkazi wanga ankachita kuwabweza ndi chipande. Kwathu ku Boweko munda unkangomera nsongole, ndipo ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi: kutenga mkazi wanga chitengwa. Koma mwini mbumba anali atsibweni ake, mkulu wa mpingo wosadziwa kupupuluma, amene yankho lawo linali loti tiona. Tiona ameneyo anakula ine ndikuona, mpaka anamera ndevu.

Masewera a poka ndinaphunzira kwa telala wina ku Dzaleka, ndikudikira buluku langa limene ankasoka mwendo umodzi pa mwezi. Ndinabwera nawo m'chigafa cha atsibweni, momwe tinkausa mvula ikatidula pa ntchito ya fodya. Ndinawauza iwo ndi alamu anga awiri kuti aliyense amalandira makhadi asanu n'kubisa. Awiri ofanana ndi poyambira, atatu ofanana amaposa awiri, asanu otsatana amaposa atatu, ndipo asanu a mtundu umodzi, monga mitima yokhayokha, amaposanso pamenepo. Kenako mumabetcha. Mnzako akawonjezera, ukhoza kugonja n'kutaya makhadi, ukhoza kuwonjezera nawenso, kapena kuika zofanana ndi zake n'kumuuza kuti aonetse. Ndipo wopanda kanthu amaloledwa kubetcha ngati ali nazo zonse, bola nkhope isamuulule.

Atsibweni anagamula kuti njuga ndi tchimo, koma mtedza si ndalama. Choncho tinkabetcha mtedza.

Chimene telala uja sanandiuze n'choti masewerawa anapangidwa ndi anthu opanda apongozi. Poka imafuna umuyang'ane mnzako m'maso, pamene mkamwini amayang'ana pansi. Ndinawerenga zala za kumapazi za atsibweni dzinja lonse, ndipo ndikulumbira, chala chachikulu chija sichinandiuzepo kanthu. Choipitsitsa n'chakuti kuuza munthu wamkulu kuti aonetse makhadi n'chimodzimodzi kumunena kuti ndi wabodza. Ndani akanayamba? Iwo akangokankhira mtedza pakati, tonse tinkataya makhadi n'kuthokoza. Tsiku lina anagwira makhadi chotembenuza, zithunzi zikuyang'ana ife. Tinaona tonse kuti alibe kanthu, ndipo tinagonjabe. Mtedza umene anatidyera anamangira nkhokwe yakeyake. Wokayika apite akaione, kungoti inagwa.

Tsiku limene zinasweka, m'mawa wake ankhoswe anali atandibweretsera yankho lina loti tiona fodya akatha. Mvula inatitsekera m'chigafa. Kumsewu minibasi inkaimba hutala ngati ikuitana ine, mwendo wanga ukungogwedezeka mpaka fodya wouma n'kumayoyoka pamwamba. Ndinasuzumira m'manja: makingi atatu. Atsibweni anakankhira pakati mbale yathunthu ya mtedza. Alamu anga anataya makhadi mwaulemu monga mwa masiku onse. Ine ndinadziwa kuti ndikaputa mkuluyu nkhani ya chitengwa yathera pomwepo, koma pakamwa sipanafunse maganizo anga.

"Atsibweni, onetsani."

Mvula inaima. Sindikunena kuti inakata ayi. Madontho anaima m'malere kudikira.

"Akamwini, mwati chiyani?"

"Ndati mwina tingaoneko pang'ono."

"Ndiye kuti ine ndikunama?"

"Inu ayi. Koma makhadiwo sindikuwadziwa khalidwe lawo."

Anawayala pamphasa limodzilimodzi. Panalibe awiri ofanana, ngakhale odziwana. Mlamu wanga wamng'ono anagwira pakamwa n'kutuluka, tinangomva akusekera kuseri kwa khola la mbuzi.

Atsibweni analankhula nthawi yaitali osandiyang'ana. Anakumbutsa kuti ndinafika pamudzipo ndi malaya amodzi, kuti mizere yanga m'munda imakhota ngati msewu wa ku Ntchisi, ndiponso kuti chibadwire palibe anawafufuzapo m'manja pamaso pa ana a mlongo wawo. Munthu wotere, anatero, sangagonenso pamudzi pawo.

"Mutenge mkazi wanuyo muzipita kwanu. Mawa, dzuwa lisanatenthe."

Ndinapepesa, koma motsitsa mawu, kuopa kuti angandikhululukire.

Kutacha tinamanga mphasa ndi mapoto panjinga. Tinayenda mpaka tinatsika chitunda choyamba. Pamenepo ndi pomwe mkazi wanga anandifunsa, ali pakaliyala, chifukwa chimene sindinawachitire chipongwe atsibweni akewo chaka chomwe tinakwatirana.