Mzere Wanga mu Deta ya Anthu a Sopo

Usiku watha ndinalota ndapita kukapempha deta ya kafukufuku. Musaseke. Anzanga amalota akuuluka, ena akudya nyama pa ukwati, ine ndinalota ndili chilili ndi fomu m'manja.

Ndiyambe ndi zenizeni kuti musasochere. Ndili Sitandade 4 kunabwera anthu a kafukufuku pasukulu pathu, pa galimoto yoyera. Anasankha ana angapo, ine ndinali mmodzi. Kuyambira pamenepo amandisaka zaka zitatu zilizonse, kulikonse kumene ndili, kudzandifunsa mafunso omweomwewo: uli pasukulu, dzulo wadya kangati, ukufuna kudzakhala ndani. Akamaliza amandipatsa sopo. Chaka chino ndi chaka chawo.

Ankasankha mwamaere, izi ndinadzazidziwa nditakula. Koma amayi anga mpaka lero amakhulupirira kuti boma linaona nzeru zanga ndili wamng'ono, ndipo likunditsatira kuti ndisatayike. Kakhadi ka nambala yanga ya kafukufukuyo amakasunga m'buku la nyimbo, ndipo a Mvano onse kwathu anakagwirapo. Chimene amayi sadziwa n'chakuti ku koleji anandiwida, kundichotseratu, chaka chatha, nditalephera sitatisitiki kawiri. Panopa ndimagwira ntchito pa kashopu ka fotokope kunja kwa geti la koleji yomweyo. Ndikamaimba foni kumudzi, phokoso la ophunzira limamveka kumbuyo, ndiye bodza limangodziyendera lokha.

Tibwerere ku malotowo. Ofesi ya deta inali kalasi yathu ya Sitandade 4, koma munkazizira ngati m'banki. Pa tebulo la aphunzitsi panakhala anti aja anandifunsa mafunso ulendo woyamba, ambulera yawo yobiriwira ili chitsegulire m'nyumba momwemo. Sanakalambe ngakhale pang'ono.

"Ndinu wofufuza kapena wofufuzidwa?" anandifunsa.

Ndinati zonse ziwiri. Anati makomo ake ndi osiyana, koma poti lero kulibe anthu, ndingodzaza fomu.

Fomuyo ndimaidziwa, ndaifotokopera anthu a masitazi kambirimbiri. Imafuna dzina la sukulu yako, dzina la supavaiza, kalata ya komiti yotsimikiza kuti suvulaza munthu, ndi cholinga cha kafukufuku wako. Pa sukulu ndinalemba kuti kunja kwa geti. Pa supavaiza ndinalemba bwana wa pa fotokope. Pa cholinga ndinalemba kuti ndikufuna kuona zimene munalemba za ine amayi asanazione. Anti anawerenga mosathamanga, anatenga sopo n'kudinda naye pa fomupo, nati ndidikire masabata asanu ndi limodzi. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, masabatawo anatha.

Kenako anandilumbiritsa. Anati mayina onse anachotsa, kunangotsala manambala, ndipo ndikazindikira munthu ndiyang'ane kumbali. Ndinalumbira. Anandilembera pasiwedi pa chikhatho ndi choko, nandilozera bolodi. Ndinalowa mu bolodimo chokwawa, ndiye ndinatulukira pa bwalo la mpira la pasukulu, dzuwa lili pamutu.

Deta inali pomwepo, itafola ngati pa asembule. Mzere uliwonse unali munthu mmodzi, kuyambira ali wamng'ono kutsogolo mpaka atakula kumbuyo. Mitu ya mafunso anaiyanika pa chingwe ngati zovala. Mizere ina inali yaitali, ina yaifupi, ndipo pamene mzere wathera msanga ankaikapo mwala. Anti, amene tsopano ankayenda pambali panga, anati miyalayo ndi ana amene anawasaka osawapeza. Ndinaona mzere wa mtsikana wina amene tinkakhala desiki imodzi. Analipo atatu okha, wachitatu atabereka mwana kumbuyo, kenako mwala. Ndinayang'ana kumbali, monga ndinalumbirira.

Pa golo panakhala Fatsani, amene tinalowa naye koleji tsiku limodzi, panopa akulemba pepala lake lomaliza. Laputopu inali pa maondo. Akadina, bwalo lonse linkasuntha. Anadina, nati amene amayi awo anamaliza pulaimale apite kumanja, ndipo fumbi linati kobo. Anadinanso, nati amene ankayenda mtunda wautali popita kusukulu akhale pansi, ndipo theka la bwalo linakhala pansi. Palibe amene anadandaula. Kenako anakoka chingwe kuchokera pa kona, chikukwera kuloza kumwamba, ana onse n'kuyandikira chingwecho. Ine ndinatsala pandekha cha pakati pa bwalo.

"Amwene, ukundipindira chingwe," anatero Fatsani. "Koma usadandaule, malamulo sandilola kudziwa kuti ndiwe."

Ndinamuthokoza.

Ndiye ndinapeza mzere wanga. Tinalipo asanu, aliyense atagwira sopo wake. Woyamba, wa chipere kumutu ndi kabudula wong'ambika kumbuyo, pachifuwa anamulemba kuti woyendetsa ndege. Wachiwiri dokotala. Wachitatu injiniya. Wachinayi loya. Wachisanu, wa ndevu zitatu ndi chikwama cha ku koleji, anamulemba kuti mphunzitsi, bola ntchito. Kumbuyo kwake kunali bokosi lojambula pansi ndi laimu, lopanda munthu, sopo ali pakati kudikira mwini wake.

Wa chipere uja anatembenuka, nandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Ndege ili kuti?" anafunsa.

Ndinati ikubwera. Anagwedeza mutu n'kubwerera pa malo pake. Ndinkayembekeza kuti ndimva kuwawa penapake, koma sindinamve kanthu. Ndinangoona kuti kabudulayo akufunika chigamba.

Pafupi ndi bokosi langa panali bokosi lina, mutu wake pa chingwe unali wakuti wotithandiza kumupeza. M'menemo munali amayi, atakhala pa mphasa, miyendo atatambasula. Pa miyendopo panali nsalu ija anagula kalekale kuti banja lonse lidzasoketse yunifolomu ya tsiku la galajuweshoni, ija amaitulutsa alendo akabwera n'kuibwezanso m'sutikesi.

"Amayi, mukutani mu deta?" ndinafunsa.

"Ine ndimakhala momwemuno," anatero. "Nambala ya foni imene ali nayo si yanga? Ukasowa amayambira kwa ine. Imirira bwino, boma likukuona."

Ndinaimirira bwino, m'bokosi langa. Anti anatseka ambulera, inasanduka chimkuzamawu. Anakweza pakamwa nalengeza bwalo lonse kuti zonse zimene ndiyankhe ndi zachinsinsi. Ana onse anatchera khutu. Ngakhale Fatsani anasiya kudina.

"Pakali pano muli pasukulu? Ngati eya, chala chimodzi. Ngati ayi, zala ziwiri. Mukakana kuyankha, tiika mwala."

Ndinaganiza mwaulemu ngati munthu amene anaphunzirako sitatisitiki kawiri. Chala chimodzi, chingwe cha Fatsani chiwongoka, pepala lake lipita kwa akuluakulu kukanena kuti ana onga ine zikuwayendera, ndipo amayi apitiriza kuimba. Zala ziwiri, deta ikhala yoona, koma amayi ali pompa. Mwala unali kale m'manja mwa anti, wooneka bwino, wosalala. Kunena zoona ndinaukhumbira.

Ndinakweza chala chimodzi. Ndiye chachiwiri chinayamba kudzuka chokha, pang'onopang'ono. Ndinachipanikiza ndi dzanja linalo, chinadzukanso. Asanu aja anatembenuka onse kudzaonerera, sopo ali m'manja. Anti anati sakuona bwino, ndikweze kwambiri. Amayi sanayang'ane kumwamba. Anali atayala nsalu ija pa mphasa, sizasi itayasama pa mphepete pake.

"Mada," anandiitana, "ndidule kapena ndidikire?"

Ndinatsegula pakamwa, koma m'malo mwa mawu munatuluka kulira kwa foni. Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera kale, dzanja lamanja litachita dzanzi poti ndinaligonera, foni ikulira pansi pa pilo. Anali amayi enieni.

"Mada, wadzuka? Anthu ako a boma aja anafika dzulo. Ndawauza kuti akupeza ku koleji. Akuti abwera Lachisanu, ndipo m'galimoto mwawo muli malo. Ndibwera nawo, mwanawe, ndidzaoneko pomwe umaphunzirira. Atelala akufunanso muyezo wako, ndatenga chingwe."

Ndinati chabwino amayi, muyende bwino. Kenako ndinadzuka, ndinasamba, ndinapita kukatsegula shopu. Kasitomala woyamba anali mtsikana wa masitazi, ankafuna makope atatu a fomu yopemphera deta. Ndinamupangira anayi, imodzi yaulere.

Ndiye akuluakulu omasulira maloto, bwalo ndi lanu. Zoti mwala ndi maliro, sopo ndi ukwati, musavutike nazo, ndazimva kale kwa mayi wogulitsa mandasi pa geti. Ine ndikufuna wondiuza za chala chachiwiricho, ngati munthu amachisiya kuti chidzuke kapena amapitiriza kuchipanikiza, ndiponso ngati amayi ake amawauza pa foni kapena amadikira atsike kaye galimoto. Womasulira bwino ndimupatsa sopo wa chaka chino. Koma fulumirani, lero ndi Lachitatu.